Kudzutsa Galimoto Yogona: Moto, Mawaya ndi Alangizi

Galimoto yakale ikakhala pa njerwa zaka zisanu kapena khumi, chimene chimayamba kufa kawirikawiri ndi moto, injini ili bwinobwino. M'dera la Mfumu Mavwere ku Mchinji magalimoto otere sasowa: Peugeot 404 kuseri kwa nkhokwe, Datsun 120Y pansi pa mtengo wa mango, Land Rover yomera udzu m'magudumu. Ambiri anagulidwa chaka chimene fodya anayenda bwino ku okushoni ya ku Kanengo, ndipo anaimikidwa chaka chimene anayenda mwina. Peugeot 404 inayamba kupangidwa mu 1960, ku France anaisiya mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Ilibe kompyuta, ndipo waya wake aliyense munthu angathe kumutsatira ndi chala kuchokera pa batire mpaka pa babu. Tsoka lake n'lakuti aliyense amene ali ndi chala amadziyesa katswiri.

Ntchito imayamba ndi kusamutsa alendi. Pampando wa dalaivala pamakhala thadzi lofungatira, pansi pa dashibodi pali chisa cha mavu, kumbuyo mayi a pakhomo anaunjikako matumba a mtedza, ndipo mtedzawo ndiwo unaitana makoswe. Mano akutsogolo a khoswe amakula moyo wake wonse, motero amafuna chopalira, ndipo chikopa cha waya chimamukomera. Choncho asanalumikize batire, munthu ayenera kuyendera mawaya onse ndi maso, makamaka pamene aboola chitsulo kulowa m'kati mwa galimoto. Waya wosendeka akakhudza chitsulo amachita shoti, ndipo shoti ya batire la galimoto imafiiritsa waya m'kamphindi.

Kenako batire. Lenilenilo silipezekamo, chifukwa linachoka m'galimoto sabata imene galimotoyo inaima, n'kukayamba ntchito pabalaza: kuliza wailesi, kuonetsa mpira, kutchaja mafoni a mudzi wonse. Batire la galimoto lili ndi zipinda 6, ndipo likadzaza limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6. Likakhala nthawi yaitali lili lophwa, m'mbale zake za mtovu mumamera chikungu cholimba cha sulphate, ndipo likafika pamenepo ngakhale litagona pa tchaja sabata yathunthu silibwerera mwakale. Limayatsa wailesi, n'kumunamiza mwini wake, koma sitata imafuna ma-amp oposa 100 nthawi imodzi. Ndiye pamafunika kubwereka. Batire lobwereka silibwera lokha. Mwini wake amalinyamula pa kabaza, n'kukhala pambali pake tsiku lonse ngati wodikira wodwala ku chipatala, nsima ya masana n'kudya pomwepo, ndipo kuyambira tsiku limenelo galimotoyo amaitchula kuti "yathu ija".

Kutsegula boneti kuli ngati kuimba ng'oma. Pakhomo pamene panali zii, boneti ikangoti kwee, amuna amatulukira m'chimanga, kuseri kwa bafa, ena kusiya bawo njere zili m'manja. Alipo amene amaimirira manja kumbuyo n'kumapukusa mutu osanena kanthu, ndipo amenewa ndi a ulemu wawo. Alipo amene amamenya tayala ndi phazi, ngakhale vuto lili pa hutala. Salephera nkhalamba imene inakwerapo galimotoyo popita ku maliro mu nthawi ya Kamuzu, imene imatsimikiza kuti kale ankangoiyang'ana n'kulira. Pamakhalanso wina wonong'ona kuti galimoto siima yokha, alipo anaiponda, ndipo amadziwa sing'anga wa tsidya la malire amene amamasula zoterezi pamtengo wa mbuzi. Onsewa ndi opirira nawo. Wovuta ndi amene anakhalako ku Joni.

Mlangizi wa ku Joni safika ndi moni. Amafika atapinda kale malaya, n'kukankha mwini galimoto ndi chigongono, amvekere, "Achimwene, tapatukani pang'ono. Izi ife tazigwira kwambiri." Ku Johannesburg ankasamalira maluwa pa nyumba ina, koma pa nyumbapo panali garaja, ndipo iye amawerengera kuti kutchetcha kapinga pafupi ndi garaja zaka zitatu ndi maphunziro okwana. Muyeso wake woyamba ndi kugoneka sipanala pa mitu iwiri ya batire kuti aone ngati likuthetheka. Limathetheka ndithu. Batire limatulutsa mpweya wa hydrogen, makamaka likangochoka pa tchaja, ndipo mpweyawu ukakumana ndi kamoto batire limatha kuphulika n'kumwaza asidi kumaso. Iye amachita zimenezi ndudu ili pakamwa.

Muyeso woyenera ulibe phokoso. Mitu ya batire ndi zomangira zake zimakhala zitamera ufa woyera kapena wobiriwira, umene umatchinga moto. Madzi otentha osungunuliramo soda wophikira therere amauchotsa, sandipepa n'kumalizitsa, kenako kumanga zolimba ndi kupaka girizi pamwamba. Woyamba kumangidwa akhale waya wa positive, wa negative pomaliza. Mwini Land Rover kapena Morris yakale kwambiri ayambe wafufuza, chifukwa magalimoto ena a ku Britain a zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ankalumikiza positive ku chitsulo cha galimoto, mosemphana ndi masiku ano. Zikatha izi, ayatse nyali zakutsogolo n'kupotokola kiyi. Nyali zikazilala mpaka kuoneka ngati koloboyi, batire ndi lofooka, kapena pali polumikiza pamene sipakugwira, kapenanso injini yauma moti sitata ikulephera kuitembenuza. Zikakhala zowala chiwalire koma sitata ili chete, vuto lili pa kiyi, pa waya wopita ku solenoid kapena pa solenoid yeniyeniyo. Kulira koti kha-kha-kha kumatanthauza kuti moto ukufika wochepa. Wa ku Joni, zonsezi asanazione, amagamula kuti, "Iyi ndi sitata, madala. Tiichotse."

Apa ndi pamene mabanja ambiri anatayira sitata zawo. Pafupi ndi Waliranji, m'mbali mwa msewu wa M12, pali pikiapu ina imene sitata yake inanyamulidwa m'jumbo kuti "akaione kwa mnzawo wa ku Chipata". Mvula yagwa kawiri chichokereni sitatayo. Pamodzi nayo panapita sipanala ya 10 ndi ya 13, zimene pa galimoto ndiye mkono ndi mwendo, komanso ndalama ya mayendedwe. Wonyamulayo sanathawe. Amapezeka pa maliro aliwonse, kutsogolo, pampando wa mafumu, ndipo amapereka moni wa manja awiri kwa mwini galimoto n'kufunsa mwachifundo kuti, "Nanga galimoto ija ikupeza bwanji?" Mwini wakeyo sangamufunse poyera, chifukwa munthuyo ndi mlamu wa amalume ake, ndipo kutchula sitata pa siwa n'kusaleredwa bwino. Ulemu wa kumudzi umateteza wakuba waudongo kuposa mmene umatetezera wobedwa. Munthu woba nkhuku amamuthamangitsa mudzi wonse, koma wotenga sitata ndi mawu okoma amamupatsa mpando ndi thobwa, ndipo chaka chamawa amamuitananso kukaona galimoto ya wina.

Chikhalirecho, sitata imalakwa mwa apo ndi apo. Cholakwa chachikulu pa galimoto yogona ndi earth. Moto ukachoka pa batire n'kugwira ntchito yake, umabwerera kudzera m'chitsulo cha galimoto, ndipo pali lamba wa mkuwa wolukidwa amene amalumikiza injini ndi chesesi. Dzimbiri likalowa pansi pa bauti ya lambayo, njira yobwerera imatsekeka, ndipo galimoto imayamba kuchita zimene zimapatsa mphamvu wonong'ona za sing'anga uja: ukaponda buleki, indiketa n'kumaphethira; ukayatsa nyali, geji ya petulo n'kugwa. Mankhwala ake n'kumasula bautiyo, kupala mpaka chitsulo chiyere, n'kumanganso.

Mafyuzi ndi nkhani yaifupi. Amachita dzimbiri m'mapeto, ndipo nthawi zina kungowapukusa m'malo mwake kumakwana. Yopsa ilowedwe m'malo ndi ya nambala yomweyo. Kukulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, kapena kuikapo msomali, ndi luso lina lochokera ku Joni, ndipo limasandutsa waya wa galimoto yonse kukhala fyuzi.

Injini ikayamba kutembenuka koma osalira, funso ndi lakuti moto ukufika pa mapulagi kapena ayi. Chida chake ndi babu la mavolti 12 lomangirira mawaya awiri, wina pa chitsulo, wina woyendera. Kiyi ali wotsegula, babulo liyake pa positive ya koyilo. Likayaka, atsegule chivundikiro cha distributor n'kuona mapoyinti, tizitsulo tiwiri timene timatseguka ndi kutsekeka kuti koyilo ibale moto waukulu. Tikakhalitsa timachita kakungu, ndipo sandipepa yosalala imatitsuka. Mpata wake pa magalimoto ambiri otere ndi pafupifupi mamilimita 0.4. Kondensa imafanso mwakachetechete, ndipo chinyontho cha m'chivundikiro chimathawitsa moto. Mawaya a mapulagi asazulidwe onse nthawi imodzi, pakuti injini zambiri za masilinda 4 zimaomba motsatana 1-3-4-2, ndipo alangizi asanu akazula aliyense wake, kubwezeretsa kumatenga msonkhano wautali kuposa wa mlandu wa munda.

Kuona moto kumachitika pozula waya wapakati pa distributor, kumugwira ndi pulayala ya zogwirira za pulasitiki, n'kumuyandikiza ku chitsulo cha injini wina akupotokola kiyi. Kamoto kabuluu kodumpha koti tche-tche ndi kabwino, kofiirira n'kofooka. Wa ku Joni pulayala amainyoza. Amagwira wayayo ndi dzanja, n'kulamula kuti, "Tapotokolani!" Koyilo imatulutsa mavolti okwana 20,000 kapena kuposa, ndipo munthu amene anadutsa malire a Mwanza ndi Beitbridge osaopa kanthu amadumpha n'kukagwera m'dengu la nkhuku akuitana amayi ake. Pa miyeso yonse imene iye amachita, uwu wokha ndiwo umapereka yankho loona. Akadzuka amakuntha fumbi n'kunena kuti, "Ndimadziwa ine kuti moto ulipo."

Nthawi yonseyi pamakhala kamnyamata kamene akuluakulu akhala akukathamangitsa kuyambira m'mawa. Kamakonza mawailesi ndi ma-solar, ndipo kali ndi kamita kotchipa kogula pamsika. Alangizi akapita kukasamba m'manja, ikoko kamakwawira pansi, kupala bauti ya earth, kupukuta mapoyinti, kuthira petulo watsopano pang'ono m'kabuleta popeza wakale anasanduka ulimbo, n'kuuza mwini galimoto motsitsa mawu kuti, "Agogo, tayesani." Injini imatsokomola, kutulutsa utsi ndi makoko a mtedza ku ekizozi, kenako kulira. Alangizi amabwera akuthamanga nsima ili m'manja, ndipo aliyense amakumbutsa anzake kuti ananena kale. Madzulo Chibuku chimapita kwa iwo. Mnyamata uja amatumidwa kukagula.

Injini ikulira, mita iikidwe pa batire. Ikaonetsa pakati pa mavolti 13.8 ndi 14.4, alternator kapena dayinamo ikutchaja. Ikakhala pa 12 pomwepo, ayambe kuona lamba wa fani, amene amakhala atauma n'kung'aluka, kenako mabulashi ndi regulator. Batire lisazulidwe injini ikuyenda pofuna "kuona ngati ikutchaja", chifukwa zimenezi zimatha kuotcha alternator. Potsiriza ayese nyali, maindiketa, mawaipa ndi hutala, imene ana a pamudzi amaiyesa mwaulere mpaka usiku.

Ngati galimotoyo ibwerere pa njerwa, ndipo zambiri zimabwerera tsiku lomwelo chifukwa matayala anawola ndipo petulo watsopano uja watha, waya wa negative amasulidwe kuti batire lisaphwe, ndipo injini izilizidwa kamodzi pa masabata angapo mpaka itenthe. Matumba a mtedza asabwereremo. Batire lobwereka libwezedwe kwa mwini wake, amene pofika nthawi imeneyi amakhala atauza kale mkazi wake kuti Loweruka apita ku Kamwendo pa galimoto.