Kabotolo kopanda dzina pa Lizulu

Minibasi ya ku Lilongwe inali isanadzaze, choncho ndinakhala pa benchi pafupi ndi chiwaya cha tchipisi pa Lizulu, ndikuyang'ana milu ya tomato, kabichi ndi kachewere yomwe imandanda m'mbali mwa msewu wa M1. Mbali ino ya phula ndi Malawi, ukangowoloka wafika ku Mozambique, ndipo katundu amadutsa apa monga nkhuku imadutsira pa khomo la mnansi.

Kumbuyo kwanga mnyamata wina anali atayala chiguduli pansi. Pamenepo anandandalika timabotolo takale ta zakumwa, tina muli madzi achikasu, tina oyera ngati mkaka, kuphatikizapo timapepala ta pulasitiki tomanga pakamwa, muli ufa wotuwa. Panalibe ngakhale kamodzi kolembedwa dzina.

Mayi wina wa dengu kumutu anaima.

"Achimwene, a tomato aja alipo? Mbozi zandithera dimba."

"Alipo mayi, amphamvu zedi. Chitsekero chimodzi mu sipuleya, mawa mukapeza zonse zili gada."

"Dzina lake ndi chiyani?"

"Ndi a tomato basi."

Mkulu wina wa imvi yemwe ndinakhala naye pa benchi anatembenuka. Pambuyo pake ndinamva kuti anagwirapo ntchito ya ulangizi zaka zambiri asanapume.

"Mwana wanga, botolo lomwe unapungulamo mankhwalawa lili kuti?"

"Ine ndimangooda chonchi, agogo."

"Nanga amene umaoda kwa iyeyo ali ndi chiphaso?"

Mnyamatayo anangoseka n'kuyamba kusuntha timabotolo take. Mkuluyo sanakalipe. Anayamba kufotokozera mayi uja pang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi mlongo wake, kuti lamulo la mankhwala ophera tizilombo lilipo kuyambira chaka cha 2000, ndipo linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board lomwe likulu lake lili ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Mankhwala asanalowe m'dziko kapena kugulitsidwa ayenera kulembetsedwa kumeneko. Wogulitsa ayenera kukhala ndi chiphaso. Ndipo mankhwala ayenera kukhala m'botolo lake lenileni, pepala lake lili chimatire.

"Pepala limenelo, mayi, ndiye lamulo lonse," anatero. "Ndi pamene pamalembedwa dzina la poizoni ali m'katimo, muyezo wake, tsiku lothera mphamvu, ndi masiku oti mudikire musanathyole tomato mukapopera. Mukaona mzere wofiira ndi chigaza cha munthu, mumadziwa kuti awa si ogwira ndi manja. Akachotsa pepalalo, mwatsala ndi madzi osadziwika."

Mayiyo anatula dengu. Ndinaona kuti mawu amufika, koma anali ndi ake.

"Bambo, zonsezo ndamva. Koma dimba langa ndi mizere khumi ndi iwiri. Ku sitolo amandiuza kuti ndigule botolo lathunthu, ndalama yake yokwana ndiwo za mwezi. Apa ndimagula wa lero. Ndipo pepala mukunenalo, ine ndinaliwonapo. Lina lili m'Chingerezi, lina m'Chipwitikizi, tizilembo take ngati nyerere. Andiwerengere ndani? Mlangizi kwathu tinamuona komaliza mvula ya dzana."

Mkuluyo anakhala chete kanthawi. Ine ndinaona kuti onse awiri akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa. Lamulo lathu linalembedwa bwino, koma linalembedwa ngati kuti mlimi aliyense amagula lita yathunthu mu sitolo ya chiphaso. Mlimi weniweni amagula ndi chitsekero. Malo amene botolo lalikulu limagawidwa m'timabotolo ndi pomwe dzanja la boma limalekezera, ndipo ndi pomwe alimi ambiri amagulira.

Wokazinga tchipisi, yemwe ankamvetsera uku akutembenuza mbatata, analowererapo.

"Mlamu wanga anapopera thonje dzuwa lili pamutu, wopanda chotseka kukamwa, malaya atavula. Madzulo anayamba kusanza, thukuta kamukamu, dovu likungotuluka. Titafika naye kuchipatala adokotala anati, bweretsani botolo tione chomwe wapopera. Tinathamangira kunyumba. Tinabwera ndi botolo la chakumwa."

"Anachira?" anafunsa mayiyo.

"Anachira, koma tinagona kumeneko masiku anayi."

Mkulu uja anagwedeza mutu. Anati zizindikiro zoterozo zimabwera ndi mankhwala a gulu la dimethoate ndi anzake, ndipo kuchipatala kuli jakisoni wa atropine yemwe amathandiza, koma si poizoni aliyense amene amamvera mankhwala amodzi. Dokotala akadziwa dzina amadziwa poyambira. Kenaka analoza timapepala ta ufa wotuwa tija.

"Ndipo uyo ndi tameki, si choncho?"

"Ndi wa makoswe, agogo."

"Ndikudziwa. Dzina lake lenileni ndi aldicarb. Anapangidwira tizilombo ta m'nthaka m'minda ikuluikulu, osati kuti azikhala pa alumali m'nyumba momwe muli ana. Ndaika maliro angapo chifukwa cha kapepala kotere, ena mwangozi, ena munthu atakhumudwa usiku umodzi wokha n'kupeza kali pafupi."

Apa panalibe woseka. Aliyense pa benchi paja anali ndi maliro ake amene anakumbukira.

Msika wa mankhwalawa sunali waukulu chonchi kale. Mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija zitalowa m'chimanga, mpaka mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi, ngakhale agogo omwe ankangodalira phulusa ndi dothi anayamba kufunsa za mankhwala. Onjezanipo anankafumbwe m'matumba, ndi mankhwala opha udzu omwe alowa m'malo mwa khasu m'minda yambiri. Ofuna kugula achuluka kwambiri, pomwe oyendera misika ndi ochepa. Kulanda katundu wa mnyamata ngati uyu kamodzi pa chaka sikungathetse kanthu, mawa abwera wina ndi chiguduli china. Chomwe ndikanakonda kuona ndi boma likukakamiza makampani kulongedza mankhwala ovomerezeka m'timapaketi ta muyezo wa sipuleya imodzi, malangizo ake ali m'Chichewa ndi m'zithunzi, pa mtengo woti mayi wa mizere khumi ndi iwiri angathe. Pamenepo wa chiguduli adzasowa womugula. Ndipo pa tameki pokha, chifundo chisakhalepo: atsatidwe kumene akuchokera.

Mayi uja anamasula mfundo ya chitenje, n'kupereka ndalama. Anatenga kabotolo kachikasu.

"Mayi," anatero mkuluyo, "poti mwagula, musaike m'dengu limodzi ndi mandasi a anawo. Mukafika kunyumba mukamange kansalu kofiira pakhosi pake, mukakabise pamwamba. Ndipo mukapopera, dikirani ngakhale sabata musanathyole."

Mayiyo anachotsa kabotoloko m'dengu n'kukakulunga m'jumbo yapadera.

"Zobisazo ndikachita, bambo. Koma sabata sindingathe. Ooda a ku Lilongwe akubwera mkucha, ndipo tomato wa mabowo satenga."

Anasenza dengu lake n'kuwoloka msewu. Kondakitala anayamba kumenya chitseko cha minibasi, ndipo ndinanyamula jumbo yanga ya tomato yomwe ndinagulira ana kunyumba.