Wamfupi pansi pa denga

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo sananame. Denga la nkhokwe amalimangira pansi, likatha n'kuitana amuna a m'mudzi kuti alisenze, alikweze pamwamba. Koma pali kanthu kamene mwambiwu unabisa, kaya pofuna kusunga mtendere m'mudzi: denga limatsamira pa mitu ya anthu aatali. Wamfupi amalowa nawo pansi pake, n'kukweza manja, n'kumabuula kuposa onse, chonsecho pakati pa liwombo lake ndi phaso pangathe kudutsa nkhuku osawerama. Iyeyo ndiye amafuula kuti, "Tiyeni nalo, amuna inu!" Thobwa likafika, chikho choyamba n'chake, poti kukhosi kwauma ndi kulamula.

Masiku ano wamfupi uja anapita kusukulu, anavala tayi, ndipo anabwerako ndi liwu lachingerezi lakuti collaboration. Mukalimva liwuli pamsonkhano wa kuhotela ya kunyanja, dziwani kuti penapake pali denga, ndipo pali munthu wamtali amene sanaitanidwe kumsonkhanoko chifukwa ali kalikiliki kulisenza.

Liwulitu n'lolemera kuposa amene amalitchula. Linachokera ku Chilatini, chinenero cha Aroma akale, ndipo ndi mawu awiri olumikizidwa: com, kutanthauza pamodzi, ndi laborare, kugwira ntchito. Kwa Aroma, labor sinali ntchito yozungulira pampando uku ukudikira tiyi. Linali thukuta, kuvutika, zowawa. Muzu womwewo ndi umene uli ku leba kumene amayi amachirira, komanso ku leba kwina kuja kumene munthu amakadandaula akamuchotsa ntchito osamulipira. Konse kuwiriko palibe amene amapitako akuseka. Angerezi analitenga liwu la collaboration kwa Afalansa m'zaka za m'ma 1800, ndipo poyamba linkanena kwambiri za anthu olemba buku limodzi kapena ofufuza chinthu chimodzi. Tanthauzo lake lenileni ndiye n'kukhetsera thukuta pamodzi. Ife tinakonda kwambiri "pamodzi" uja. Thukuta tinasiyira eni ake.

Kayang'aneni ku koleji, aphunzitsi akapereka ntchito ya pagulu. Mtsikana mmodzi achezera usiku wonse akulemba. Wina foni yake imagwera m'madzi sabata yomweyo, chaka chilichonse. Wina agogo ake amamwalira, agogo omwe aja amene gulu linawalira kale temu yatha. Wina amatulukira m'mawa wa tsiku lopereka ndi funso limodzi lokha: "Dzina langa mwalemba bwino? Lili ndi h pakati." Malikisi akabwera, onse akhoza, ndipo wa h uja ndiye amauza makolo ake kuti ntchitoyo inamuwondetsa.

Komiti ya ukwati ya pa WhatsApp ndiye musanene. Wapampando alemba kuti pakufunika anthu okasenza mipando Lachisanu madzulo, ndipo nthawi yomweyo pagulupo padzaza tizithunzi ta chala chachikulu choloza kumwamba. Makolo anatichenjeza kale kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Sanadziwe kuti zidzukulu zawo zidzatumiza zala makumi anayi, chimodzichimodzi, mpando osasuntha ndi umodzi womwe.

Oimba athu nawo anaona kuti liwuli n'lalitali, analidula mchira n'kutsala kolabo. Ndimawayamikira pa chilungamo chawo: pamene mpeni unadutsa ndi pakati penipeni pa laborare, ntchito n'kutsala theka. Kolabo zina n'zokoma, tisanamizane. Koma ziliponso zija zoti mnzako wapeka nyimbo, walipira situdiyo, waimba ndime zonse, iwe n'kufika ndi magalasi akuda, kutchula dzina lako kawiri koyambirira, kukuwa "eya, eya" pakati, basi dzina lili pachikuto.

Komatu amene amanena kolabo mosangalala chonchi ayenera kumva kumene liwuli linapita kukadetsedwa. Mu June 1940 dziko la France linagonja kwa asilikali a Germany. Boma latsopano linakakhala m'tauni ya Vichy, ndipo mtsogoleri wake anali Philippe Pétain, nkhalamba ya zaka 84 imene Afalansa ankailemekeza chifukwa cha nkhondo ya ku Verdun ya mu 1916. Pa 24 October 1940 mkuluyu anagwirana chanza ndi Adolf Hitler ku Montoire, ndipo pa 30 October anauza mtundu wonse pawailesi kuti wasankha njira ya collaboration. Kuyambira pamenepo liwu la anthu olemba mabuku linayamba kununkha. Linasanduka dzina la kugwira ntchito ndi mdani amene walanda dziko lako. Apolisi a boma la Vichy anathandiza kugwira Ayuda amene anatumizidwa kukaphedwa. Apa palibe choseketsa, ndipo ndi pamene mwambi wathu umasowa chonena: umawerenga mitu, sufunsa kuti denga n'la yani, kapena kuti pansi pake adzatsekerapo ndani. Nkhondo itatha mu 1945, khoti linagamula kuti Pétain aphedwe, koma mtsogoleri watsopano wa dzikolo, Charles de Gaulle, anasintha chilangocho kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo Pétain anafera pachilumba cha Yeu mu 1951. Nduna yake yaikulu, Pierre Laval, anaiwombera mu October 1945.

Tsono Afalansa nawo ali ngati oimba athu, sakonda mawu aatali. Munthu wogwirizana ndi adani aja anamudulira dzina lomunyoza, ndipo dzinalo ndi collabo. Mpaka lero ndi chitonzo choti munthu akhoza kukuponyera nacho mbale. Choncho mphwanga woimba, mwayi ukadzakugwera wokaimba ku Paris, wolemba nkhani n'kukufunsa chinsinsi cha kutchuka kwako, udzanene kuti ndi Mulungu, kapena amayi ako, kapena chigumu cha kwanu. Usadzayerekeze kumwetulira n'kunena kuti kwanu amakudziwa ndi kolabo, ndiponso kuti bambo ako ndi agogo ako anali otero.