Mayi wa m'dashibodi salidziwa dothi la Luangwa

Masiku ano aliyense wa Land Cruiser akufuna ka GPS pa dashibodi, kuti mayi wa mawu okoma uja azimuuza pokhotera. Ogulitsa ku Chipata amatama kukula kwa sikirini. Inu funsani china: kodi mapu ake amagwira popanda netiweki? Mukangosiya tala wa ku Mfuwe kulowera kwa Malama kapena ku Nsefu, foni imayamba kuwodzera. Funsaninso ngati kamapirira fumbi ndi kutentha kwa October, poti m'chigwa muno ngakhale buluzi amasaka mthunzi. Mapu a Tracks4Africa, ochokera m'njira zimene apaulendo anadutsamodi, ndiwo amayesako.

Koma palibe makina amene anamvapo za dothi lakuda la kuno. Mu February mayi uja adzakuuzani mwaulemu kuti msewu wakale wa ku Petauke ndi wachidule. Inu n'kutitimira mpaka m'zitseko, iye ali phee, akungoti pitirirani. Za njovu yoima pakati pa msewu satchulako n'komwe. Okuvuulani ndi anyamata a m'mudzi ndi makasu awo, ndipo mtengo amatchula atayamba ayang'ana nsapato zanu.