Maitanidwe a Mdzukulu ndi Khola la Mbuzi

Pakati pa Achewa, ubale wa agogo ndi mdzukulu ndi umodzi mwa maubale ochepa amene amalola wamng'ono kutsutsa wamkulu pamaso popanda kutchedwa wamwano, chifukwa mwambo umawapatsa awiriwa ufulu wochitirana nthabwala, moti agogo aakazi amaitana mdzukulu wawo wamwamuna kuti amuna anga, ndipo iye amawaseka pa zinthu zimene sangayerekeze kuzitchula pamaso pa amalume ake. Ufulu umenewu umachititsa kuti nkhani zolemera za chikhulupiriro zikambidwe mosabisa mawu pakhonde la agogo kusiyana ndi m'bwalo la akulu ampingo. Kukambirana kumene kwalembedwa pano kunachitika mwezi wa Januwale pamudzi wina kufupi ndi phiri la Nkhoma, kumene amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa anakhazikitsa mishoni mu 1896, ndipo mtsogoleri wawo William Murray ndiye anayendetsa ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922.

Agogowo anali mayi wamasiye wa m'Chigwirizano, limene ndi bungwe la amayi a mpingo wa CCAP mu Sinodi ya Nkhoma, ndipo ngakhale sukulu anailekezera panjira, Buku Lopatulika analiwerenga mpaka chikuto chake chinasokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Mdzukuluyo anamaliza maphunziro a zaulimi ku Bunda, anayenda m'maofesi a mu Lilongwe ndi makalata ofunsira ntchito mpaka nsapato zinatha, kenako anabwerera kumudzi ndi uthenga wakuti walandira maitanidwe, kutanthauza chikhulupiriro chakuti Mulungu wamupatula munthu kuti agwire ntchito inayake. Malinga ndi iye, mneneri wina pa mapemphero ochezera usiku wonse anamuloza pakati pa chikhamu n'kumuuza kuti adzakhala ndi utumiki waukulu ndipo adzayenda pa ndege kumaiko akunja; chotero sakanatha kukonza khola la mbuzi limene linagwa ndi mvula, popeza anali pa nyengo yosala kudya ndi kudikira chitsimikizo.

Agogo anayamba ndi funso lokhudza kusalako, limene analifunsa mwaulemu wonse. "Amuna anga," anatero, "mkazi wanu wosaphunzira akupempha kuti mumumasulire chinthu chimodzi: kusala kwanu kumayamba tambala woyamba akalira n'kutha dzuwa likafika paliwombo, ndipo nthawi yomweyo ndi imene mumakhala mukuliza mkonono, pamene madzulo mphika wa nyemba umapezeka wotsukidwa ndi chala, kodi mngelo wolemba za osala kudya amawerengera ndi tulo tomwe?" Mdzukulu anayankha kuti zinthu zauzimu sizimvetseka ndi maganizo a thupi, ndipo kuti m'tulo ndi m'mene Mulungu analankhulira ndi Yosefe. Agogo anavomera kuti zinaterodi, koma anamukumbutsa kuti Yosefe yemweyo atate ake atamutuma kukaona abale ake kubusa ananyamuka osafunsa chitsimikizo.

Kenako anafuna kudziwa ngati mneneriyo, usiku wonse uja, analozapo munthu ndi mmodzi yemwe n'kumuuza kuti Mulungu akufuna abwerere kwawo akakonze khola. Mdzukulu anati zimenezo sanazimve, ndipo agogo anadabwa kuti aneneri a m'tauni onse amaona ndege zokhazokha, ngati kuti kumwamba kunasiya kusamala za ngolo. Iwo anati m'buku lawo losokedwa lija anthu oitanidwa amapezeka ali ndi thukuta: Mose ankaweta nkhosa za apongozi ake Yetero ku Midyani pamene chitsamba chinayaka, Elisa ankalima ndi ng'ombe pamene Eliya anamuponyera chofunda, Amosi wa ku Tekowa anali mbusa ndiponso wosamalira nkhuyu, ndipo Petro anapezeka ndi makoka m'manja. Sanakumbukire aliyense amene anaitanidwa atagona chagada pamphasa akusisita foni ndi chala.

Apa mdzukulu anaona mpata, chifukwa nkhani ya Samueli ankaidziwa bwino. Ananena kuti mnyamata Samueli anaitanidwa ali chigonere m'nyumba ya Mulungu ku Silo, umene ndi umboni wakuti mphasa si malo oletsedwa kwa Mulungu. Agogo anaomba m'manja ndi chimwemwe cha munthu amene nyama yalowa yokha mumsampha wake, n'kumufunsa kumene Samueli anathamangira atamva dzina lake. Mdzukulu anati anathamangira kwa Eli. "Katatu konse," anatero agogo, "mwanayo anadzuka usiku n'kuthamangira kwa nkhalamba yosaona bwino poganiza kuti ikumutuma, ndiye kuti mawu a Mulungu ndi mawu a nkhalamba amafanana kwambiri, tsono inu, amene agogo anu akuitanani kanayi kuti mukamasule mbuzi koma osatembenuka n'komwe, mudzawazindikira bwanji mawu enawo?" Mdzukulu anayankha modekha kuti nkhaniyo iwerengedwe yonse, popeza nthawi iliyonse imene Samueli anafika, Eli anamuuza kuti abwerere akagone, ndipo iye anali wokonzeka kumvera agogo ake tsiku limene adzalankhule ngati Eli. Chilungamo chikufuna kuti kulembedwe kuti pa mfundo iyi agogo anakhala chete kwa kanthawi, n'kuyamba kusonkhezera moto umene unkayaka kale bwinobwino.

Atalimbikitsidwa ndi chipambano chimenechi, mdzukulu anatchula Abrahamu, amene anasiya dziko la kwawo osadziwa kumene akupita, ndipo anati chikhulupiriro ndicho kutsata lonjezo la Mulungu munthu asanaone kukwaniritsidwa kwake. Agogo anagwirizana ndi tanthauzolo, koma anamufunsa zaka za Abrahamu pamene anatuluka ku Harana, ndipo atamva kuti zinali 75, anati ndiye kuti maitanidwe ochoka pamudzi akugwera iwowo osati iye, ndipo anali okonzeka kupita ku Lilongwe kukakhala m'nyumba ya magetsi, iye atsale ndi mbuzi mpaka atakwanitsa zakazo.

Kukambirana kunalemera pamene mdzukulu anatsutsa maziko enieni a kumvera kumene agogo ankalalikira. Iye anati m'badwo wa agogo unaphunzira kumvera pansi pa ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, pamene kumvera kunali imodzi mwa ngodya zinayi za chipani pamodzi ndi umodzi, kukhulupirika ndi kusunga mwambo, ndipo munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi la chipani. Chotero chimene akuluakulu amachitcha kumvera Mulungu nthawi zambiri chimakhala chizolowezi chogwadira aliyense wamkulu. Anakumbutsa kuti Petro ndi atumwi anzake anakana lamulo la akulu a ku Yerusalemu lowaletsa kuphunzitsa, ndiponso kuti maepiskopi a Katolika atalola kuti kalata yawo iwerengedwe m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992 anasankha kumvera Mulungu ngakhale boma likwiye, ndipo kusamvera kwawo kunathandiza kutsegula njira ya referendamu ya 1993. Mfundo imeneyi ndi yolimba, ndipo aliyense wolemba za kumvera kwachikhristu m'Malawi sangaidumphe, chifukwa nthawi zambiri makolo, mafumu ngakhale abusa abwerekapo dzina la Mulungu pofuna kuti zofuna zawo zisatsutsidwe.

Agogo sanakane chilichonse mwa zimenezi. Anati khadilo analigula ndipo ankalimanga pa mfundo ya nsalu, koma umenewo unali mantha, ndipo munthu amene anakhalapo ndi mantha amadziwa kuwasiyanitsa ndi kumvera kuposa amene anangowawerenga m'buku: wamantha amachita chinthu pamene womuopayo akuona, pamene womvera amachichita ngakhale kulibe wa Yufi wofunsa khadi pachipata. Anaonjeza kuti maepiskopiwo anakana kumvera podziwa kuti akhoza kufa nazo, ndipo anapempha kuti auzidwe choopsa chimene mdzukulu wawo akuchilimba mtima pokana kudula mitengo ya khola, kupatula matuza m'manja.

Pamenepo anatulutsa nkhani imene ankaisunga chiyambire m'mawa. Chaka chathacho anagulitsa mbuzi yaikazi yoswa mapasa n'kutumiza ndalama zake kuti mdzukulu aziyendera pofunafuna ntchito, ndipo anafuna kudziwa kumene ndalamazo zinapita. Mdzukulu anafotokoza kuti anafesa mbewu, mawu amene m'mipingo ina ya m'tauni amatanthauza chopereka chapadera chimene munthu amapereka kwa mtumiki poyembekezera kuti Mulungu adzachibweza chochuluka. Agogo anamukumbutsa za mfumu Sauli, amene analamulidwa chinthu chimodzi pa nkhondo ya Aamaleki koma anasunga ziweto zonenepa n'kunena kuti ndi za nsembe, ndipo mneneri Samueli anamugwira pomva kulira kwa nkhosa. "Kusiyana kwake n'kwakuti Samueli anagwira wolakwa pomva kulira," anatero, "pamene mkazi wanu wagwira wake pomva chete, chifukwa m'khola muja munkalira mbuzi imene tsopano yasanduka nsapato zosongoka za mneneri." Mdzukulu anati zokolola za mbewu yauzimu zili ndi nyengo yake, ndipo agogo anafunsa ngati ku Bunda anaphunzirako za mbewu iliyonse imene imabzalidwa m'thumba la munthu wina n'kumera m'munda mwa mwiniwake.

Agogo akanalekera pomwepo akanapambana kotheratu, koma munthu akaona kuti zikumuyendera amaonjeza. Ananena kuti nawonso analota, ndipo kumalotoko anaona mdzukulu wawo ataima kutsogolo kwa tchalitchi ndi mwana wamkazi wa mkulu wampingo wa kutsidya kwa dambo, mtsikana wodziwa kugwada ndi kusinja, chotero cholinga cha Mulungu pa moyo wake chinali chitaululidwa kale popanda kulipira mbuzi. Mdzukulu anafunsa tsiku limene lotolo linabwera, ndipo zinadziwika kuti linabwera usiku womwe mtsikanayo anabweretsa lichero la ufa woyera ndi nkhuku yamoyo. Iye anati ndiye kuti nawonso agogo ali ndi utumiki wolandira mbewu, ndipo popeza Gideoni anayesa kawiri ndi ubweya wa nkhosa asanakhulupirire, lotolo liyenera kubwereza usiku umene agogo agona ndi njala. Agogo anamutcha mwana wamwano, ngakhale anaseka mpaka kupukuta misozi ndi m'mphepete mwa nsalu.

Chiphunzitso cha mipingo ya Chipresibeteriya chimasiyanitsa maitanidwe a mkati, amene ndi kukhudzika kwa mtima wa munthu mwini, ndi maitanidwe a kunja, amene ndi umboni wa mpingo wakuti munthuyo alidi ndi mphatso ndi khalidwe loyenera ntchitoyo, ndipo n'chifukwa chake wofuna ubusa amayamba wadziwika ndi akulu ampingo wake asanapite kukaphunzira ku sukulu ngati ya Josophat Mwale ku Nkhoma. Poyesedwa ndi muyeso umenewu, onse awiri anaperewera mofanana, popeza mdzukulu anadalira mawu a munthu amene sankadziwa ngakhale mfunda wake, ndipo agogo anadalira loto lokhala ndi nkhuku kumbuyo kwake. Komabe agogo anali pafupi ndi choona pa mfundo imodzi, yakuti munthu amene akunyalanyaza ntchito yodziwika ya lero alibe chifukwa choyembekezera kuululiridwa ntchito yobisika ya mawa.

Mkanganowo unadulidwa ndi mayi wina woyandikana nawo, amene anafika ndi phesi la chimanga lamasamba obookabooka kudzadandaula kuti munda wake walodzedwa. Mdzukulu, amene tsiku lonse sanakhudze chilichonse cholemera kuposa foni, analanda phesilo, n'kutambasula masamba a kunsonga, n'kuonetsa ndowe zonga utuchi ndi mbozi yobisala m'katimo, ndipo anafotokoza kuti ndi mbozi zochokera ku America zimene zinayamba kuononga chimanga m'Malawi m'nyengo ya ulimi ya 2016 ndi 2017. Anati gulugufe wake amaikira mazira pamasamba usiku, kuti munda uyenera kuyenderedwa m'mamawa mbozi zikadali zazing'ono, kuti mazira aphwanyidwe ndi chala, ndiponso kuti mankhwala, kapena dothi ndi phulusa kwa wopanda ndalama, zithiridwe m'kati mwa nsongamo osati pamwamba pa masamba. Analankhula mpaka amayi ena amene ankachokera kumjigo anatula zidebe n'kukhala pansi, ndipo iye anaiwala kuti ali pa kusala n'kudya mango awiri amene anapatsidwa.

Amayiwo atapita, agogo anati aona mpingo wosonkhana popanda ng'oma, mlaliki wosafunsa chopereka ndi ulaliki umene anthu aumva, ndipo chimene chasowapo ndi ndege yokha. Mdzukulu anayankha kuti tsiku limodzi silokwanira kutsimikiza maitanidwe, ndipo pa ichi ananena zoona. Khola analikonza m'mawa mwake, ngakhale analimanga mopendama, ndipo ndalama za mbuzi agogo anazilemba ngati ngongole pa tsamba lomaliza la Buku Lopatulika, pansi pa maina a adzukulu obatizidwa. Nkhani ya mwana wa mkulu wampingo siinathe mpaka pano, chifukwa agogo akukanabe kugona ndi njala.