Bilu ya Intaneti Ikakwera, Thokozani: Malangizo kwa Abale a ku UK

Chakumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, imelo ina imalowa mufoni mwanu mwakachetechete. Ndi yaulemu kwambiri. Imakutchulani dzina loyamba ngati munakulira limodzi, imakuthokozani chifukwa chokhala nawo, kenako m'ndime yachitatu imanong'ona kuti kuyambira pa 31 Malichi kapena pa 1 Epulo bilu ya intaneti ya m'nyumba mwanu ikwera. Achimwene a ku Leeds, achemwali a ku Manchester ndi ku Glasgow, inu amene mwangoweruka kumene shifiti ya usiku kosamalira okalamba, langizo langa loyamba ndi lakuti imeloyo musaitsegule. BP muli nayo kale. Isiyeni igone pakati pa mauthenga a kutchalitchi ndi a gulu la maliro. Ndalamazo akadzitengera okha kubanki, inu muli mtulo.

Ena mwa inu ndinu amakani, ndikudziwa. Muyamba kulalata kuti munasaina kontirakiti ya miyezi 24 pa £30, ndiye £30 ikhale £30 mpaka mapeto. Kumeneko ndi kusadziwa mwambo wa eni dziko. Womangidwa ndi kontirakitiyo ndinu. Kampani inadzisiyira kakhomo m'tilembo ting'onoting'ono tomwe munadutsa ndi chala pothamangira kuti rauta ifike ana asanakudyeni. Zili ngati kukwera minibasi pa Wenela mutagwirizana mtengo wa ku Lilongwe, ndiye pofika pa Zalewa kondakitala akuti mtengo wakwera. Mukati nditsitseni, akuti tsikani bwana, koma mulipiretu ya ulendo wonse. Kwathu kondakitala wotere angafike kunyumba malaya atang'ambika. Ku UK amakutumizirani kafunso koti mum'patse nyenyezi zingati mwa zisanu. M'patseni zonse zisanu, ndinu mlendo.

Chindapusa chochoka msanga sichicheza: amawerengera miyezi yonse yotsala, nachotserako pang'ono chabe. Choncho ngati kwatsala miyezi 14, khalani pansi.

Kasitomala wabwino safunsa kuti chiwerengero cha kukwerako chachokera kuti, koma poti ife timakonda miseche, tiyeni tinong'onezane. Kwa zaka zingapo BT, EE, Plusnet ndi Vodafone ankatenga CPI, muyeso wa boma wa mmene mitengo ya zinthu yakwerera, n'kuwonjezerapo 3.9 peresenti. TalkTalk, posonyeza chifundo, inkawonjezera 3.7. CPI ya Disembala 2022 inali 10.5 peresenti, motero chakumapeto kwa Malichi 2023 mabilu a BT anakwera ndi 14.4 peresenti. £30 ija inasanduka £34.32. Chaka chotsatira CPI inali 4 peresenti, kukwera kwake 7.9, ndipo anakuwerengera pamwamba pa mtengo wokwera kale uja: £37.03. Rauta ndi yomwe ija, waya ndi yemwe uja, ndipo mukamaimba WhatsApp kumudzi nkhope ya amayi ikuuma pakati pa chiganizo monga kale.

Nanga 3.9 uja ndi wachiyani? Akuti ndi wotukulira netiweki. Musafunse chifukwa chake makampani amene amati ndi opikisana anapezeka kuti pafupifupi onse akufunika ndendende 3.9 kuti atukule netiweki. Mitima ya anthu abwino imagunda mofanana. Musafunsenso ngati bilu imatsika mitengo ya zinthu ikatsika, chifukwa anaganizira kale zimenezo: CPI ikapita pansi pa ziro ankaiwerenga ngati ziro, 3.9 n'kukhalabe chilili. Virgin Media inasankha RPI, muyeso wakale umene kawirikawiri umatuluka pamwamba pa CPI, ndipo unachotsedwa pa mndandanda wa ziwerengero zovomerezeka za dziko mu 2013. Muyeso umene akatswiri a ziwerengero anautaya, kampani inautola n'kuupukuta, ndipo mu Epulo 2024 makasitomala ake anakwezeredwa 8.8 peresenti. Kumeneko ndiye kusamala zinthu zakale, phunzirani.

Anthu analira, manyuzipepala analemba, mpaka Ofcom, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti ku UK, linadzuka. Linapeza kuti anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti CPI ndi chiyani, ndipo ngakhale odziwa sangalosere mitengo ya chaka chamawa. Kuyambira pa 17 Januwale 2025 linaletsa kuika maperesenti ndi CPI m'makontirakiti atsopano. Kampani ikafuna kudzakweza mtengo pakati pa ulendo, inene poyera tsiku losaina kuti idzawonjezera mapaundi angati, ndiponso liti. Onani bwino: kukweza sikunaletsedwe. Choletsedwa ndi kukudzidzimutsani.

Walira mvula walira matope. Makampani analandira lamuloli ndi manja awiri. BT inati £3 pamwezi chaka chilichonse, Virgin Media inati £3.50, ndipo pasanathe nthawi onse awiri anafika pa £4 kwa osaina kumene. Apa ndikupempheni kuti kakyuleta ya mufoni musaiyandikire, chifukwa ingakuuzeni zosautsa. CPI ya Disembala 2024 inali 2.5 peresenti, ndiye mwa njira yakale ija bilu ya £30 ikanakwera ndi 6.4 peresenti, yomwe ndi £1.92. Mwa njira yatsopano yoteteza kasitomala, yakwera ndi £3. Ndipo poti chiwerengerocho n'chimodzi kwa onse, £4 pa phukusi la £25 ndi 16 peresenti, pomwe kwa bwana wolipira £60 sifika n'komwe 7 peresenti. Amene munasankha phukusi lotchipa kuti katsaleko kotumiza kumudzi, ndinu amene mukusenza kwambiri. Koma anakuuziranitu, si choncho? Kumenyedwa mbama utauzidwa tsiku ndi ola lake kuli ndi ulemu wake. Amene kontirakiti yanu ndi yakale, yosainidwa lamuloli lisanabwere, musachite nsanje: mu 2025 ambiri a inu munapitirizabe ndi CPI wanu.

Tsopano pali kakhomo kena kamene sindikufuna kuti mukaone. Kampani ikakweza mtengo mwa njira imene sinalembedwe mu kontirakiti yanu, kapena kupyola pa zimene inalemba, malamulo a Ofcom amati ikudziwitseni kutatsala mwezi, ndipo muli ndi masiku 30 oti muchoke osalipira chindapusa chilichonse. Makasitomala a intaneti ya Sky akhala akupatsidwa mpata umenewu, poti Sky sinkalemba chiwerengero chake pasadakhale. Mu Okutobala 2025 O2 inauza makasitomala ake a mafoni kuti £1.80 imene inalonjeza ija yasanduka £2.50, ndipo Martin Lewis, mkulu uja wophunzitsa anthu kusunga ndalama pa TV, anakalipa mpaka nkhani inafika kwa nduna. Nawonso anapatsidwa masiku 30. Mwaona tsopano chifukwa chake ndinati imelo ija musaitsegule? Mukaitsegula tsiku lomwelo mungadziwe kuti khomo ndi lotsegula, mungafananize mitengo, mungachoke. Itseguleni pa tsiku la 31. Pamenepo mudzadandaula momasuka pa gulu la WhatsApp, popanda chiyeso choti muchitepo kanthu.

Mwina satana angakunyengeni kuti muimbe foni. Ngati zafika pamenepo, konzekani ngati mukupita kuchigayo tsiku la Loweruka: tiyi mufulasiki, foni pa chaja. Adzayamba ndi mawu a makina okuuzani kuti mudine 1, mudine 4, mudinenso 2, kenako kanyimbo ka piyano kobwerezabwereza, kodulidwa mphindi iliyonse ndi mayi wina wotsimikiza kuti foni yanu ndi yofunika kwambiri kwa iwo. Mwana wafika kuchokera kusukulu, wadya, wagona, inu mudakali wofunika kwambiri. Akadzayankha munthu weniweni, chonde musanene kuti mukufuna kuchoka. Mawu amenewa ndi oopsa. Amakupititsani kwa anthu ena apadera amene ntchito yawo ndi kugwira miyendo ya othawa, ndipo anthu amenewa ali ndi mitengo imene simudzaiona pa webusaiti. Mwadzidzidzi £37 ija ikhoza kutsika, liwiro n'kukwera, mnyamata wa pafoniyo n'kumati wakuchitirani inu nokha poti mwayankhula bwino. Inu amene kwathu mumatha theka la ola mukunenerera mtengo wa jekete pa kaunjika, mpaka wogulitsa kukuitanani mutachoka kale, luso limenelo munalisiya pabwalo la ndege la Kamuzu. Kuno ndife anthu aulemu. Akati £37, timati zikomo, pepani pokuvutitsani.

Ngati mwalephera kudziletsa ndipo akutsitsirani, vomerani msangamsanga osafunsa kanthu. Musafunse kuti kontirakiti yatsopanoyo ndi ya miyezi ingati, chifukwa angakuyankheni kuti mwayambiranso 24. Musafunse kuti Epulo akubwerayu adzawonjezera zingati, ngakhale kuti lamulo limawakakamiza kunena. Ndipo muiwale kuti chinthu chogula pafoni kapena pa intaneti chili ndi masiku 14 oti munthu asinthe maganizo. Kusinthasintha maganizo ndi khalidwe la ana.

Kale kuchoka kunali ndi ulemerero wake. Munthu unkaimbira kampani yakale, kuichonderera kuti ikumasule, foni n'kuduka, n'kuyambiranso. Madandaulo a mtundu umenewu anachuluka mpaka mu Julayi 2023 Ofcom inatsegula kafukufuku pa Virgin Media. Koma kuyambira pa 12 Sepitembala 2024 kunabwera One Touch Switch, njira yopanda mwambo: mumangouza kampani yatsopano, iyo n'kukambirana ndi yakale, inu osatsanzika n'komwe. Yakaleyo imangokutumizirani uthenga wonena ngati pali chindapusa. Munthu woleredwa bwino angachoke pakhomo pomwe wakhala zaka zisanu osatsanzika? Musatichititse manyazi.

Ndipotu kukhala n'kumene kampani imakukonderani. Kuyambira mu Febuluwale 2020 makampani amakakamizidwa kukuuzani, kutatsala masiku 10 mpaka 40, kuti kontirakiti yanu ikutha, mtengo umene muzilipira ikatha, ndi mitengo yawo yabwino imene ilipo. Uthenga umenewunso ndi wa m'gulu losatsegula lija. Kontirakiti ikatha, kuchotsera konse kumene anakukopa nako kumatha, mtengo n'kulumpha, ndipo mukhoza kuchoka tsiku lililonse popanda chindapusa. Musachoke. Neba wanu amene wabwera dzulo akulipira zochepa pa waya womwewo wodutsa pansi pa msewu womwewo, koma iye ndi mlendo, inu ndinu wapabanja, ndipo wapabanja ndiye amasonkha zambiri. Ena angakunong'onezeni za timakampani ting'onoting'ono timene timalonjeza kuti mtengo susuntha mpaka kontirakiti ithe. Mtengo wosasuntha ukusonyeza kuti kampaniyo ilibe masomphenya.

Pali chinthu china chotchedwa social tariff, phukusi lotsika mtengo la anthu olandira Universal Credit, Pension Credit ndi thandizo lina la boma. BT ili ndi lake lotchedwa Home Essentials, Virgin Media ili ndi Essential Broadband. Mtengo wake sukwera pakati pa kontirakiti, ndipo kusamukira ku phukusi lotere la kampani yanu yomweyo kulibe chindapusa. Makampani salilengeza ndi ng'oma, ndipo ambiri oyenera kulilandira sadziwa kuti liliko. Apa nthabwala ikundithawa pang'ono, chifukwa ambiri mwa abale athu amene anabwera pa viza ya ntchito yosamalira odwala ndi okalamba ali ndi mawu aja akuti “no recourse to public funds” pa chilolezo chawo. Universal Credit salandira, ndiye ku mapukusi ambiri oterewa khomo ndi lotseka, ngakhale malipiro awo ali apansi penipeni. Munthu wosambitsa agogo a eni dziko usiku wonse alipire mtengo wathunthu ndi £4 yake pamwamba. Koma amene munakhazikika kale, makamaka azakhali ndi amalume amene muli pa Pension Credit, inu mukhoza kufunsa. Musafunse. Anthu angamve kuti mukulipira zochepa.

Chatsala ndi kudandaula, kwa amene mukuganiza kuti anakukwezerani mosatsata zimene munasaina, kapena wogulitsa sanatchule za kukwerako. Ofcom siweruza mlandu wa munthu mmodzi. Imangolemba dandaulo lanu m'kaundula kuti ione ngati olira achuluka. Njira yake ndi kudandaula kukampani komweko, molemba, n'kusunga chilichonse: chikalata chachidule cha kontirakiti chimene anakupatsani musanasaine, tsiku limene munaimba, dzina la amene munayankhula naye. Zikakanika mumapempha deadlock letter, kalata yovomereza kuti mwalephera kumvana, kapena mumadikira kuti masabata oikika adutse, n'kupita kwa Communications Ombudsman kapena CISAS, malinga ndi komwe kampani yanu inalembetsa. Simulipira kalikonse, ndipo mukavomera chigamulo chawo kampani iyenera kuchitsata, kaya ndi kubweza ndalama, kaya kukumasulani, kaya kupepesa.

Taganizani, kampani yonse yathunthu, ya maofesi a magalasi ku London, kulemba kalata yopepesa kwa inu a Phiri a pa fulati ya pamwamba pa shopu ya nkhuku. Chikumbumtima chanu chingakulolezeni? Njira yabwino yopewera zimenezi ndi kudandaula pakamwa pokha, kwa munthu amene dzina lake simunafunse, pa tsiku limene simukulikumbukira, chikalata cha kontirakiti mutayatsira mbaula ya kanyenya pa 6 Julayi.