Chitamando cha Mpanda Wakugwa

Alembi anzeru adatamanda mafumu, ankhondo ndi mizinda ya malinga aatali, ndipo adachita bwino. Koma ine, amene nzeru zanga sizifikira zinthu zazikulu, ndikupempha bwalo lino kuti linditchere khutu pamene ndikunenera kapolo wosauka amene palibe adamuimbirapo nthungululu, ndiye mpanda wa m'masewera a mpikisano wa magalimoto a pa kompyuta, umene udamangidwa osati kuti utchinjirize dimba kapena kubisa bafa, koma kuti mnyamata wokhala pampando, kachipangizo kali m'manja, augunde ndi galimoto naumwaze ngati mankhusu pamphepo.

Kale, m'masiku a Gran Turismo woyamba, amene adatuluka ku Japan m'chaka cha 1997, khoma lidali louma khosi ngati Farao: ukaligunda, ngakhale pa liwiro la mphezi, silinkagwedezeka konse, ndipo galimoto inkabwerako yosalala ngati yangotuluka kumene m'sitolo. Kudzikuza kotereku sindikutamanda. Mpanda wanga ine ndi wofatsa mtima. Ukangoukhudza umagwa chafufumimba, nulira mokoma, kuti wougundayo adziyese ngwazi.

Taonani ulemu umene amisiri a Criterion, a ku Guildford m'dziko la England, adaupatsa m'chaka cha 2008 pamene adamanga mzinda wa Paradise City m'sewero la Burnout Paradise. Adaimika zipata zachikasu 400 ndi zikwangwani zazikulu 120, chilichonse pamalo pake, zina kuseri kwa nyumba, zina pamwamba posafikika koma ndi galimoto youluka, nalamula kuti munthu asayesedwe wotsiriza ntchito kufikira atazigwetsa zonse. Ndani mwa ife adafunidwapo ndi khama lotere? Ndipo popeza m'misewu ya mzindawo simuyenda munthu wapansi, ngakhale m'magalimoto momwemo simuoneka woyendetsa, kulibe maliro, kulibe mwini mpanda wothamangira kwa nyakwawa, kulibe mbuzi ya chindapusa. Akuluakulu adati mlandu suola. Kumeneko mlandu subadwa n'komwe. Chodabwitsa china n'chakuti mu Burnout 2, wa 2002, makina amawerenga mtengo wa zonse zimene waononga pa mphambano, m'madola, monga amachitira akulu a bwalo poika dipo, koma m'malo mokulipiritsa amakuveka mendulo ya golide. Ndikadakhala mbuzi yozolowera kuthyola mipanda ya eni, ndikadapempha kusamukira komweko.

Koma ukulu weniweni wa mpandawu uli m'kuuka kwake. M'sewero la Forza Horizon 4, la 2018, limene lidajambula midzi ndi mapiri a ku Britain, muli makoma a miyala aja amene alimi akumeneko amasanja ndi manja popanda dothi kapena simenti, makoma oti pa dziko lenileni angapinde galimoto ngati chitini. Koma m'seweromo amaphwanyika ngati chigumu chouma. Yoswa adazungulira Yeriko masiku 7 kuti linga ligwe, ndipo Nehemiya adatha masiku 52 akumanganso la Yerusalemu, anthu ake ali ndi chida kudzanja limodzi. Khoma la m'seweroli limagwa m'kuphethira kwa diso, ndipo ukapita patali pang'ono n'kubwerera, ulipeza laimanso, mwala uliwonse pa unzake, losasunga mangawa, lokonzeka kugundidwa kachiwiri. Odziwa za makina amandiuza kuti pamenepa palibe chozizwitsa koma kusamala chuma basi, pakuti chidutswa chilichonse chouluka chimafuna kuti kompyuta iwerengere kulemera kwake ndi kagwedwe kake, ndipo poti singasenze zibenthu za dziko lonse nthawi imodzi, imasesa zimene diso lasiya kuyang'ana niimika khoma monga lidalili. Ndawamva, ndipo ndawakhululukira. Nkhosa za m'minda imeneyo, zimene zimathawa mochenjera kotero kuti kuzigunda n'kosatheka, zimaona zonsezi tsiku ndi tsiku, ndipo sizidandaula.

Ena adzati kapolo wogwa nthawi zonse alibe ulemu. Awa sadaone Split/Second, sewero la 2010 la amisiri a Black Rock ku Brighton, m'mene zomangidwa zidatopa ndi kugundidwa nizitenga mkondo: woyendetsa akadina batani pa nthawi yake, nsanja ya pa bwalo la ndege imagwera anzake amene ali patsogolo, ndege yaikulu imakhwekhwereza mimba pamsewu, njira yomwe imasanduka ina, ndipo wotsogola uja amaphunzira pansi pa zibuma kuti kuthamanga si kufika. Chaka chotsatira, 2011, kampani ya Disney idatseka nyumba ya amisiriwo, ndipo mwa zonse zimene zidagwa chifukwa cha seweroli, imeneyo yokha ndiyo sidaukenso.

Ine ndagwetsa zipata 399 za mu Paradise City. Chotsalacho chabisala kwinakwake, kapena kuseri kwa njanji, kapena m'phiri la kumadzulo kwa mzinda, ndipo usiku uliwonse, ana akagona, ndimayendetsa galimoto yanga pang'onopang'ono ngati mkamwini wolowa m'mudzi wa apongozi, kusuzumira m'tinjira tonse, kuti ndikachipeza ndichipatse moni woyenera.