Bwato la a dona

Cosmo City,
Johannesburg.

Msuweni wanga,

 Ine kuno ndili gwa, kungoti chisanu cha June chikundiluma makutu ngati ndinachikongola ndalama. Kalatayi ndapatsira mnyamata wamtengatenga uja, pamodzi ndi bulangete la agogo ndi mafuta ophikira. Mafutawo ndi malita 5. Akafika 4 udziwe kuti ena aphikira pa Tete.

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndinaumva. Ndakondwa kuti nyumba yanga yafika pokhoma malata. Koma pamene unanena kuti nditumize ndalama yogulira bafa logonamo, loyera mbee ngati la m'mafilimu a ku Nigeria, ndinaseka mpaka mwininyumba anagogoda kufunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro kapena wa ukwati. Msuweni, khala pansi ndikuuze zomwe manja angawa akhala akuchita miyezi yapitayi.

Ndinapeza ganyu ku Randburg, kuthandiza pulambala wina wa ku Bulawayo, yemwe ndiye kapitawo wathu. Nyumba yomwe tinkagwirako ntchitoyo ndi ya dona wina wachizungu, nkhalamba ya zaka za agogo athu omwewa. Tsiku lina a donawo analowa m'bafa lawo bwinobwino, koma pofuna kutuluka mawondo anakana. Khoma la bafalo ndi lotalika theka la mita, m'kati moterera ngati mlamba. Anakhala m'menemo madzi mpaka kuzizira, akuitana, womva ndi galu yekha, mpaka mayi wogwira ntchito m'nyumba anafika m'mawa wake. Ana awo, omwe ali ku Perth ku Australia, atamva anatumiza ndalama tsiku lomwelo kuti chinthucho chichoke, paikidwe shawa yongolowa choyenda, yopanda chodumpha.

Ndiye tinapita kukazula. Bafalo ndinalitcha bwato, chifukwa kutalika kwake ndi mita imodzi ndi masentimita 70, ndipo ukaliponya pa Shire ukhoza kuwolotsa mbuzi ziwiri. Si la pulasitiki ngati amasiku ano ayi, ndi lachitsulo chakale chija, lolemera kuposa matumba awiri a simenti. Tinalinyamula amuna anayi, aliyense akutukwana m'chinenero cha kwawo. Ine ndinatukwana m'Chichewa chakuya cha ku Ntcheu, a dona n'kumwetulira, amvekere nyimbo ya kwanu ndi yokoma.

Tisanalizule, kapitawo anandituma kuti ndikatseke madzi panja. Ndinapeza zotsekera ziwiri. Kufunsa ndinachita manyazi, munthu woti ndinanena kuti ntchitoyi ndinaiyambira ku Blantyre, ndiye ndinangotseka chomwe chinali pafupi. Kunali kutseka madzi othirira maluwa. Nditangomenya tchizulo kachitatu pakhoma, paipi inaphulika, madzi n'kundiwomba pamphumi penipeni. Giza yotenthetsera madzi ya m'nyumbamo ndi ya malita 150, ndipo ndikukhulupirira kuti theka lake linathera m'malaya mwanga. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula lotentha.

Tsono ntchito yeniyeni inayamba bwato litatuluka. Ndimaganiza kuti shawa ndi kungopachika mpopi m'mwamba basi. Ayi ndithu, nkhani yonse ili pansi. Kapitawo anagwada tsiku lathunthu ndi levulo, kusalaza simenti kuti pansi papendekeke pang'ono, masentimita awiri pa mita iliyonse, kulozera pa kabowo kotulukira madzi. Ukapendeketsa kwambiri, nkhalamba igwa. Ukapanda kupendeketsa, madzi apita kukacheza kuchipinda chogona. Kunsi kwa kabowoko kuli paipi yopindika yomwe imasunga timadzi nthawi zonse, ndipo timadzi timeneto ndi timene timatsekereza fungo la kuchimbudzi kuti lisabwerere m'nyumba.

Titatha apo tinapaka mankhwala oletsa madzi kulowa m'khoma, kawiri konse, m'makona n'kumatamo kansalu. Kenako kapitawo anatseka kabowo kaja, n'kuthira madzi pansi ponse, akuti agone usiku wonse tione ngati pakudontha. Ine ndinati, bwana, kwathu chimenechi timachitcha chithaphwi ndipo a zaumoyo amatikalipira nacho. Iye anati kuno chithaphwi chimalipidwa. M'mawa madzi anali pomwe tinawasiya, ndiye tinayamba kuika matailosi, ang'onoang'ono okhakhala kuti phazi lizigwira. Pakhoma tinakhomapo chitsulo chogwirira, pakona kampando kopinda, kumbali galasi lalikulu. Galasi limenelo ndinalipukuta bwino kwambiri moti pobwera ndi ndowa ndinaiwala kuti lilipo. Chotupa chapamphumi chija cha paipi chinapeza mnzake.

Tsiku lomaliza a dona analowa ndi ndodo yawo, osakweza mwendo, n'kukhala pa kampando kaja, misozi ili lengelenge chifukwa cha chimwemwe. Ine nditaima pakhomo ndinayang'anitsitsa ntchito yathuyo. Polowera popanda chitseko. Pansi popendekeka kuti madzi azituluka okha. Pokhalira pakona. Msuweni, limeneli ndi bafa la agogo la kuseri kwa nkhokwe lija! Kusiyana kwake n'kwakuti lathu ndi la tsekera ndipo pokhalira pake ndi mwala uja timakwechapo zidendene. Anthu alipira ndalama zogulira ng'ombe zingapo kuti afike pomwe ife tinabadwira, ndiye iwe ukufuna titaye ndalama kuti tikafike pomwe iwo akuthawa. Ngakhale malemu agogo aamuna, pofotokoza za ku Wenela, ankati ku komboni ya mgodi ankasamba choimirira pamzere. Sindinawamvepo akudandaula kuti anasowa pogona m'madzi.

Tiye tiwerengere limodzi, paja masamu unkandiposa ku pulayimale. Bwato ngati limeneli, kuti munthu wamkulu amire mpaka m'chiuno, limamwa malita oposa 100. Chigubu chathu chachikasu chija ndi malita 20. Ndiye kuti zigubu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kuti munthu mmodzi asambe kamodzi. Mjigo uli kutsidya kwa dambo. Ukamuuze wekha mlamu wanga kuti azipita kumjigo kasanu m'mawa uliwonse kuti iwe uzigona m'madzi ngati mvuu ya ku Liwonde. Ukamuuze ine ndili kuno, chifukwa mlandu wake sindikufuna kuukhalira umboni kwa ankhoswe. Sindinawerengere nkhuni zotenthetsera madziwo. Walira mvula walira matope.

Usaganize kuti kuno madzi ndi a bwerekete. Joni yense amamwa madzi a damu la Vaal, ndipo ena mwa madziwo amachita kugula kuchokera kumapiri a ku Lesotho. Masiku ena mipopi imangotulutsa mphepo, anthu a magalimoto apamwamba n'kumaima pamzere ndi zigubu ngati ife. Ku Cape Town m'chaka cha 2018 chilala chinafika poti munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku, akumwa, ophikira, ochapira ndi osamba omwe. Anzathu omwe anali kumeneko amati mabwana ankasamba ataima m'beseni kuti madzi omwewo akathire kuchimbudzi. Nzeru yomwe amayi ako akhala akuichita chibadwire, kumeneko inkalengezedwa pa wailesi.

Mwina ukufunsa kuti bwato lija linapita kuti. A dona anandipatsa ine. Mtima wanga unayamba wadumpha, ndinati msuweni wanga wapeza chomwe amalira. Ndinapita kwa anyamata onyamula katundu pafupi ndi Park Station kukafunsa mtengo. Mmodzi anafunsa kulemera kwake, n'kuseka, amvekere akulu, chimenecho tikachikweza pa ngolo matayala aphulika tisanafike pa Beitbridge, ndipo tikakafika pa Mwanza simudziwa kuti mukachilembetsa ngati chiwiya cha m'nyumba kapena sitima yapamadzi. Mtengo womwe ananditchulira ndi wokwana kufolera khitchini yonse.

Ndiye linatsala kuno, kuseri kwa kachipinda kanga. Loweruka lina ndinati ndilaweko moyo wa mabwana. Ndinatseka ndi makatoni kuti anthu asaone, n'kuyamba kuwiritsa madzi m'ketulo. Ketulo yachisanu ndi chiwiri ili pamoto, madzi a yoyamba anali atazizira kale. Magetsi a kadi aja nawo anatha. Ndinalowabe, poti ndinali nditavutika kale. Madzi anafika m'akakolo. Ndinakhala m'menemo mawondo ali kukhosi, ndikunjenjemera, litsiro langa lomwe likundizungulira, ngati chinangwa choviika cha kondowole. Potuluka ndinaterereka, ndipo ndinamvetsa zonse zomwe anaona a dona aja, kupatula kuti ine galu wondimvera chisoni ndinalibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Panopa bwatolo ndinalithira dothi ndi manyowa, ndadzalamo mpiru ndi anyezi. Kabowo kake kamatulutsa madzi bwino kwambiri. Amalawi onse a mumzere wathu akumabwera kudzathyola ndiwo Lamlungu, moti kwa nthawi yoyamba chipangidwireni, bafa limeneli likudyetsa anthu.

Tsono tamvera zomwe uchite ndi ndalama ndatumizayi. Mmisiri asamange chidumphiro pakhomo la bafa, pakhale pongolowa. Pansi apendeketse pang'ono kulozera kukona, ndipo asasalaze ndi supuni mpaka kuwala ngati pabalaza, pakhale pokhakhala. Paipi itulukire kunja m'dzenje lodzaza miyala, kuti pasakhale chithaphwi cha udzudzu. Pakhoma akhomepo paipi yachitsulo yolimba pofika m'chiuno, yoti munthu agwire, ndipo pakona amange kampando ka njerwa. M'mwamba asiyepo mbedza yopachikapo ndowa. Ndowa ya kampopi kunsi kwake ndibwera nayo ndekha pa Khirisimasi.

Zonsezi ndikunenera agogo. Chaka chatha ndinaona momwe amagwirira tsekera podzuka pamwala paja, ndipo tsekera sagwira munthu. Nyumbayo ikatha, oyamba kusambamo akhale iwowo. Iwe ukafuna kugona m'madzi, mtsinje wa Mpamadzi sunasamuke.

Upereke moni kwa amalume, kwa azakhali ndi kwa onse ofunsa za ine. Amene akufunsa za foni uwauze kuti ndamva. Malisiti a simenti usataye, ndidzawerenga limodzilimodzi.

Ndine msuweni wako,
wa zotupa ziwiri pamphumi.